Maphunziro a Masewera ku Koleji ndi Ana a ku Bwanje

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO.)

WOULUTSA:

Pulogalamu ino ndi yanu nonse amene mwatchera khutu, pa Golomoti, ku Mua, ku Mtakataka ndi midzi yonse ya kwa Kachindamoto, osaiwala inu amene mukutimvera muli m'ndime za mpunga ku sikimu ya Bwanje. Lero tikambirana za maphunziro a masewera olimbitsa thupi amene amapezeka m'makoleji a dziko lathu: akupezeka kuti, mwana amakaphunzirako chiyani, ndipo ife a kuno kuchigwa tingapindule nawo motani.

Ndikudziwa funso limene lafika kale m'mitima ya makolo. Mwana wakhoza bwino Fomu 4. Mwagulitsa matumba a mpunga, mbuzi nazo zapita, kuti mupeze fizi. Ndiye iye n'kukuuzani kuti akufuna akaphunzire zamasewera. Ambirife tingamuyankhe kuti, "Iwe, mpira n'ngophunzira ku koleji? Suja umamenya pabwalo madzulo alionse?" Funso limeneli sindikulipeputsa ayi, pakuti ndalama ya mlimi imabwera ndi thukuta. Pempho langa n'loti mundimvere kaye, kenaka muweruze nokha.

Wopita ku maphunziro amenewa amakaphunzira thupi la munthu: mtima, mapapo, magazi, minofu, mafupa ndi molumikizana mwake. Dokotala nthawi zambiri amakumana ndi thupi litadwala kale. Uyu amaliphunzira lili bwinobwino, likuthamanga, likudumpha, likutopa, kuti adziwe malire ake ndiponso njira yoliwonjezera mphamvu popanda kulivulaza. Amaphunziranso za zakudya, za maganizo a mwana amene wagonja pa mpikisano khamu likumuona, za malamulo a masewera osiyanasiyana, za chithandizo choyamba munthu akavulala, ndi za kayendetsedwe ka timu. Mpira amamenyadi, koma amalembanso mayeso a sayansi, ndipo wolephera amabwerera kumudzi ngati wina aliyense.

Tiyeni tilawe limodzi phunziro lawo loyamba, pomwe mulipo pomwepo. Tambasulani dzanja lamanzere, chikhatho chiyang'ane kumwamba. Tengani zala ziwiri za kumanja, chamkombaphala ndi chapakati, muziike m'munsi mwa chala chachikulu, paja ena amavalapo wotchi. Musakanikize kwambiri. Mwakamva kanthu kakugunda? Umenewo ndi mtima wanu ukutumiza magazi. Werengani kwa masekondi 15, nambala imene mwapezayo muichulukitse kanayi. Munthu wamkulu amene wangokhala phee, mtima wake umagunda pakati pa ka 60 ndi ka 100 pa mphindi imodzi. Katswiri wothamanga mtunda wautali, wake umatha kugunda ka 50 kokha, mwinanso kucheperapo, chifukwa unalimba, ndipo ukagunda kamodzi umatumiza magazi ochuluka.

Mphunzitsi amene anaphunzira zimenezi amazigwiritsa ntchito chonchi. Ana akazungulira bwalo, amawauza kuti awerenge mitima yawo, n'kudikira mphindi ziwiri, n'kuwerenganso. Wa mwana wathanzi umatsika msanga. Ndiye pakhala mmodzi amene mtima wake ukungothamangabe, akupuma wefuwefu, masiku onse ndi wotsalira. Mphunzitsi wosadziwa amukalipira kuti ndi waulesi, mwinanso kumuwonjezera maulendo ena awiri ngati chilango. Wodziwa amuitanira pambali, amuyang'ana zikhatho ndi m'kati mwa zikope. Akaona kuti mwayera, amadziwa kuti magazi angakhale atachepa, ndipo kuno kwathu zochepetsa magazi sizisowa: malungo, likodzo, njoka za m'mimba. Amaitanitsa makolo n'kuwauza kuti mwanayu akaonedwe kuchipatala. Mwana ameneyu wapulumukira pabwalo la masewera, asanagwe m'kalasi.

Wina anena kuti, "Koma ana athu kuno si olimba kale?" Zoonadi. Amalima, amaoka mpunga, amatunga madzi, amapalasa njinga itasenza matumba kupita kumsika wa pa Golomoti, ena mpaka kukankha njinga pa Khwekhwelere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu kwa mphindi 60 tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa ana athu amapitirira pamenepo osadziwa n'komwe. Vuto lili pakuti ntchito ya kumunda imalemetsa minofu yomweyomweyo, mwanjira yomweyomweyo, chaka ndi chaka. Woweramira mpunga kuyambira m'mawa mpaka masana msana umamupweteka asanakwane zaka makumi anayi. Khasu silimuphunzitsa mwana kunyamula katundu ndi miyendo m'malo mwa msana, silimuphunzitsa kutera bwino akadumpha, silimuphunzitsa kugawa mpweya wake kuti akafike kumapeto a mtunda. Palinso anzathu amene masiku ano amangokhala tsiku lonse, m'magolosale, m'maofesi ndi panjinga zamoto, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akuwapeza. Kwa akuluakulu, WHO imati mphindi zosachepera 150 pa sabata. Anthu otere amafunika wowatsogolera.

Pa nkhani ya dzuwa ndikufuna nditsindike, chifukwa ndi imene imatisiyanitsa ndi anzathu a kumtunda kwa Dedza. Inu mukulidziwa dzuwa la Okutobala ndi Novembala kuno kuchigwa, loti nthaka imawotcha mapazi isanakwane 10 koloko. Komabe timapeza ana akuthamangitsidwa masanasana, ndipo alipo ophunzitsa matimu amene amakhulupirira kuti kumwa madzi pokonzekera mpira kumafooketsa, n'kumawaletsa anyamata kumwa. Chikhulupiriro chimenechi n'choopsa. Thukuta likamatuluka, thupi limataya madzi ndi mchere. Minofu imayamba kukokana, mutu kuwawa, chizungulire. Zikapitirira, munthu amayamba kulankhula zosamveka, thupi kutentha ngati moto, n'kukomoka, ndipo akachedwa kuthandizidwa atha kumwalira. Wophunzira amadziwa kuti nyengo imeneyi masewera azichitika m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndowa ya madzi abwino ili pambali pa bwalo. Mwana akafooka amamugoneka pamthunzi, kumumasula zovala, kumuthira madzi thupi lonse ndi kumukupiza. Ngati akutha kumeza, amamumwetsa madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Wokomoka samwetsedwa kanthu, amathamangira naye kuchipatala akumuziziritsabe m'njira.

N'chimodzimodzi ndi kubinya. Mnyamata akabinya bondo kapena kakolo, anzake amathamangira kumukoka mwendo ati awongole, kunyumba n'kukamuthowa ndi madzi otentha tsiku lomwelo. Kutero kumawonjezera kutupa. Chofunika ndi kumupumitsa, kuika chozizira pamalopo, kumanga ndi nsalu mosathinitsa kwambiri, ndi kukweza mwendowo. Akalephera kuponda, akajambulidwe. Ndipo amene wagundana mutu ndi mnzake n'kuona chidima, tsiku limenelo asabwererenso m'bwalo, ngakhale atachonderera, ngakhale timu ikutsalira ndi chigoli chimodzi.

(NYIMBO PANG'ONO.)

WOULUTSA:

Mukumvera pulogalamu ya maphunziro, ndipo tikukamba za maphunziro a masewera m'makoleji. Tsopano tione kumene amapezeka.

Ndiyambira pafupi, pamwamba pa phiri pomwepa. Ku Bembeke kuli St Joseph's, sukulu yosula aphunzitsi aakazi a ku pulayimale. Anyamata nawo ali ndi makoleji ena a aphunzitsi monga a ku Lilongwe, Machinga, Kasungu ndi Blantyre. Maphunziro ake ndi a zaka ziwiri, nthawi ina ku koleji, nthawi ina kukaphunzitsa pa sukulu moyang'aniridwa. Kuyambira mu 2007, pamene maphunziro a ku pulayimale anakonzedwanso, masewera olimbitsa thupi anaikidwa m'phunziro limodzi ndi nyimbo, magule, zisudzo ndi luso la manja, lotchedwa Expressive Arts, ndipo aliyense wosulidwa kukhala mphunzitsi wa ku pulayimale amaliphunzira. Ndayambira pano dala. Mwa ana onse a m'chigwa chino, ochepa okha ndi amene adzakumane ndi katswiri wa digiri, koma aliyense wa iwo amadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa ku pulayimale.

Pali chinthu chimene chimandipweteka pa phunziro limeneli. Pa mayeso a Sitandade 8 limafunsidwa papepala, pamodzi ndi Life Skills. Choncho m'masukulu ambiri ana amalemba manotsi a kadumphidwe ali chikhalire pansi, osadumpha ngakhale kamodzi. Kwina nthawi ya masewera ikakwana, mpira umodzi umaponyedwa pabwalo, anyamata akuluakulu n'kuulanda, atsikana ndi ang'onoang'ono n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka belu lilire. Aphunzitsi athu sindikuwanyoza. Kalasi ya ana oposa zana limodzi, mpira umodzi, ntchito yochonga ili mulu, n'zolemetsa ndithu. Koma amene anamvetsa bwino phunziroli ku koleji amadziwa kuwagawa anawo m'magulu ang'onoang'ono, ena pa fulaye, ena pa jingo, ena pa phada, ena pa mpira wa chikulunga, n'kumawasinthanitsa wezulo ikalira. Fulaye imaphunzitsa kuzinda, kuponya molunjika ndi kutembenuka msanga, zomwe zimafunika pa mpira wa ntchemberembaye. Phada amagwirizanitsa diso ndi dzanja. Ngoma imene Angoni amavina kuno, mwendo ukuponda pansi mwamphamvu chishango chili m'manja, imalimbitsa ntchafu ndi mpweya kuposa zambiri zimene timaziona pa kanema. Zonsezi sizilira ndalama, zimangolira mphunzitsi wodziwa chimene akufuna kuti thupi la mwana liphunzire.

Amene akufuna kukaphunzitsa ku sekondale, ayang'ane ku Domasi College of Education ku Zomba, imene yakhala ikusula aphunzitsi a ku sekondale kuyambira mu 1993. Kumeneko Physical Education lakhala phunziro loima palokha, ndipo wophunzira amalitenga pamodzi ndi maphunziro a kaphunzitsidwe.

Pamwamba pa zonsezi pali digiri. Malawi University of Science and Technology, imene timangoti MUST, ili ku Ndata m'boma la Thyolo ndipo inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Kumeneko kuli digiri ya zaka zinayi ya Sports Science. Chimene chimandisangalatsa n'choti digiri imeneyi ili pansi pa Bingu School of Culture and Heritage, limodzi ndi maphunziro a nyimbo za makolo ndi nzeru zachikhalidwe chathu. Mwana amene wakulira pafupi ndi KuNgoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 posunga magule ndi zosema za Achewa, Angoni ndi Ayao, sangakhale mlendo pa sukulu yoteroyo.

Palinso njira ina yoyandikana nayo, ya amene mtima wawo uli pa kuchiza. Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, imaphunzitsa Physiotherapy ku Blantyre. Awa ndi aja amathamangira m'bwalo ndi chikwama wosewera akagwa, komanso ndi omwewo amene amaphunzitsanso kuyenda agogo amene anafa ziwalo mbali imodzi, kapena wakabaza amene anathyoka pa ngozi ya pamsewu wa M5.

Nanga amene sanafike pa makirediti a ku yunivesite, koma ndi iye amene amasonkhanitsa anyamata pabwalo madzulo alionse? Nayenso ali ndi khomo. Bungwe la mpira wamiyendo la FAM limachititsa makosi a ophunzitsa matimu ndi oyimbira mpira, kuyambira pa ziphaso zoyambira kukwera mpaka za bungwe la mpira la mu Africa la CAF. Mabungwe a mpira wa ntchemberembaye ndi a liwiro nawonso amakhala ndi makosi awo. Onsewa ali pansi pa Malawi National Council of Sports, khonsolo imene inakhazikitsidwa mu 1974. Pitani ku ofesi ya zamasewera kuboma ku Dedza mukafunse za kosi yotsatira, mulembetse dzina.

(NYIMBO PANG'ONO.)

WOULUTSA:

Tsopano ndikuonetseni ntchito imodzi imene munthu wophunzira angagwire kuno ndi chingwe, zikhomo ziwiri ndi phulusa basi. Aphunzitsi, tengani cholembera.

Bwalo la liwiro lovomerezeka padziko lonse, ngati lija la pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndi la mamita 400 kuzungulira kamodzi. Kuti mulijambule, khomani zikhomo ziwiri motalikirana mamita 84.39. Mangani chingwe cha mamita 36.5 pa chikhomo choyamba, mwana mmodzi agwire nsonga yake atachikoka kuti chilimbe, ayende nacho mokhota kunja kwa chikhomocho mpaka atajambula theka la bwalo lozungulira, wina akutsatira pambuyo ndi phulusa. Muchite chimodzimodzi pa chikhomo chachiwiri. Kenaka lumikizani nsonga za mauta awiriwo ndi mizere iwiri yowongoka. Mzere mwapezawo ndi wam'kati, ndipo wothamanga m'mphepete mwake akazungulira kamodzi wathamanga mamita 400. Kanjira ka wothamanga aliyense n'kotambasuka mita imodzi ndi masentimita 22. Ndiye pali funso limene ana amafunsa nthawi zonse: bwanji pa mpikisano wa mamita 400 ena amayambira kutsogolo, si kukondera kumeneko? Ayi. Amene ali m'kanjira kachiwiri amazungulira uta wokulirapo, ndipo akanayambira pamzere umodzi ndi mnzake wam'kati akanathamanga mamita 7 owonjezera. Apa mwana waona ndi maso ake ntchito ya masamu aja a zozungulira amene amamuvuta m'kalasi. Mabwalo ambiri a m'masukulu athu ndi aang'ono, sangakwane muyeso umenewu, chifukwa pamafunika malo otalika mamita oposa 160. Wophunzira amadziwa kuwerengera bwalo la mamita 200 lokwana pamalo amene alipo.

Mwina mukufunsa kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti ana akhoza kungothamanga kuchokera pa mtengo uwu kukafika pa chulu icho. Yankho lake ndi limene landichititsa kukonza pulogalamu ino. Mtsikana wa ku Mtakataka akhoza kukhala waliwiro kuposa onse a msinkhu wake m'dziko muno. Koma ngati mtunda sunayezedwe ndipo nthawi sinalembedwe, mawu oti "amathamanga kwambiri" sapita patali. Akuluakulu a zamasewera ku Lilongwe amamva manambala: mamita akuti, masekondi akuti, tsiku lakuti. Mphunzitsi wokhala ndi bwalo loyezedwa, wotchi ya pafoni ndi kope lolembamo ndi amene angamutulutse mwana ameneyu m'chigwa muno kuti dziko limuone.

Dziko lino aliwiro linakhala nawo. Mu 2004, Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mtunda wa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse lapansi ku Grosseto m'dziko la Italy. Asimenye Simwaka anatiimirira pa Olimpiki ku Tokyo ndi ku Paris. Pa masewera ena, Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse cha ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wamiyendo wa amayi ya ku America mu 2024, zimene wina aliyense anali asanachitepo. Mwaona kuti onse ndatchulawa ndi aakazi. Komabe chiyambire kupita ku Olimpiki mu 1972, Malawi sanatengeko mendulo. Ana aluso akubadwa chaka chilichonse. Ochepa ndi anthu ophunzira oti awapeze akadali aang'ono, awasule mwadongosolo, ndi kuwateteza kuti asathere pa kuvulala.

Pa atsikana ndionjezepo mawu. Inkosi Theresa Kachindamoto anadziwika dziko lonse lapansi chifukwa chothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu. Mtsikana wobwerera kusukuluyo amafunika chomukoka kuti mawa adzabwerenso, ndipo kwa ambiri chimenecho ndi timu, anzake omudikira pabwalo. Koma atsikana ambiri amasiya masewera akangotha msinkhu, chifukwa cha manyazi, kusowa chovala choyenera, ndi kusowa munthu wamkazi womufunsa za masiku a kumwezi. Mphunzitsi wamwamuna, ngakhale akhale wabwino chotani, pali zina zimene mtsikana sangamuuze. N'chifukwa chake ndikulankhula ndi inu atsikana a Fomu 3 ndi Fomu 4: maphunziro amenewa ndi anunso, ndipo ang'ono anu akukudikirani.

Ku Mua kuli sukulu ya ana osamva. Ana amenewa miyendo ndi mapapo awo n'zabwinobwino, chimene samva ndi wezulo chabe. Pa masewera a anthu osamva, woyimbira amakweza mbendera, ndipo pa mipikisano ikuluikulu liwiro limayambitsidwa ndi nyali. Mipikisano yawo ya dziko lonse inayamba kalekale, mu 1924 ku Paris. Kwa osaona bwino, Taonere Banda ndiye anatsegula njira mu 2016 ku Rio de Janeiro, pamene anakhala Mmalawi woyamba kupikisana nawo pa Paralimpiki. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu imasula aphunzitsi a ana olumala mosiyanasiyana. Wachinyamata wa kuno amene angaphatikize chinenero cha manja ndi maphunziro a masewera angakhale munthu wosowa kwambiri m'dziko muno, ndipo ntchito yake ili pakhomo pomwepa.

Kusambira nakonso ndi phunziro. Tili pakati pa nyanja ndi mitsinje ngati Namikokwe, Livulezi ndi Bwanje, imene dzinja imadzaza mwadzidzidzi mvula itagwa kumapiri, kuno kusanagwe ngakhale dontho. Ana amaoloka mitsinje imeneyi popita kusukulu. Wophunzira amawaphunzitsa kuyandama chagada osachita mantha, ndiponso kuti mnzawo akamamira asamulumphire, chifukwa womira amakakamira aliyense n'kumira naye. Amuponyere chingwe, nsungwi, kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino.

Tsopano funso la makolo lija la ntchito. Sindikunamizani kuti aliyense womaliza maphunziro amenewa amapeza ntchito mawa lake. Ntchito ndi yosowa m'dziko muno, kwa a digiri iliyonse. Koma makomo alipo: uphunzitsi, maofesi a zamasewera m'maboma, mabungwe oyendetsa masewera, matimu a mpira monga Dedza Dynamos ya m'boma lathu lomwe lino, zipatala, ndi malo olimbitsirako thupi amene akuchuluka m'matauni. Apolisi ndi asilikali amafuna anthu osula matupi a olowa kumene ntchito, ndipo sukulu ya apolisi ili pa Mtakataka pomwepa, ya asilikali ya MAFCO ili ku Salima. Mu Disembala 2022 Lilongwe inalandira masewera a achinyamata a mayiko a kumwera kwa Africa, ndipo pokonzekera anamanga malo atsopano monga Griffin Saenda Sports Complex. Nyumba zoterezi zimafuna anthu odziwa kuziyendetsa. Chinanso, wosewera mpira ntchito yake imatha miyendo ikatopa, mwina asanafike zaka 35, pamene wophunzitsa amagwira ntchito mpaka imvi.

Ndili ndi pempho kwa atsogoleri athu ndi onse akufuna kwabwino amene amakhazikitsa zikho. Nthawi ya chisankho ikayandikira zikho zimachuluka, mayunifomu ndi mipira zimagawidwa, mabwalo amadzaza. Zimenezo n'zabwino, achinyamata amasangalala. Koma chikho chikatha bwalo limameranso udzu, yunifomu imang'ambika, mpira umaphulika. Bwanji gawo lina la ndalama imeneyo osalipirira mphunzitsi mmodzi kapena awiri a m'dera lanu kuti akachite kosi ya uphunzitsi wa masewera ndi chithandizo choyamba? Ameneyo adzakhala nafe chikho chilipo kapena palibe.

Kwa inu ophunzira, njira yake ndi iyi. Kuti mulowe mu yunivesite ya boma mufunika MSCE yokhala ndi makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo mumafunsira malo kudzera ku bungwe la NCHE. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana, choncho chikalata cha NCHE chikatuluka, khalani pansi ndi aphunzitsi anu muwerenge bwinobwino zofunika pa Sports Science ndi pa Physiotherapy musanasankhe. Makoleji a aphunzitsi amalengeza malo awo padera, kudzera ku unduna wa zamaphunziro, m'nyuzipepala ndi pawailesi. Amene fizi ingawavute ku yunivesite afunsire ngongole ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira la HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo mafomu ake ali ndi tsiku lotsekera, musalidutse. Ngati muli Fomu 3, gwiritsitsani Biology, masamu, Chemistry ndi Physics kuyambira teremu ino, chifukwa luso la pabwalo lokha silikulowetsani pachipata. Ndipo pitani kwa aphunzitsi oyang'anira masewera pa sukulu panu mukawapemphe kuti muziwathandiza kuyeza bwalo, kugwira wotchi ndi kulemba nthawi za anzanu m'kope.

 

(NYIMBO YOTSEKERA.)